Kaufiti m'munda wa maekala awiri ku Dowa: lipoti la nyengo zinayi za ulimi

Lipoti ili ndi la munda umodzi, wa mayi wina wamasiye wa kumadzulo kwa boma la Dowa, umene ndautsatira kuyambira mu Febuluwale 2022 kufikira kukolola kwa 2025. Ndalilembera alangizi anzanga ndi alimi otsogolera amene akulimbana ndi kaufiti m'magawo awo. Mayina a anthu ndi a mudzi ndawasiya dala.

Munda ndi mbiri yake

Mundawu ndi wa maekala awiri, pafupifupi mahekitala 0.8, ndipo ndi wotsetsereka pang'ono kulowera kudambo. Kumtunda nthaka ndi yamchenga, yotuwa, yoti ngakhale ili yonyowa ukaifumbata imangoyoyoka. Kumunsi ndi yoderako ndipo imagwirana. Kumeneko kuli chulu chakale ndi mtengo umodzi waukulu wa msangu. Kumtunda kwa malire kuli munda wina umene mwini wake amakhala ku Lilongwe, ndipo amaubwereketsa chaka ndi chaka kwa aliyense wobwera ndi ndalama.

Bambo a pakhomopo ali moyo ankalima fodya wa burley, chaka chino mbali iyi, chaka chamawa mbali inayo, chimanga chikumalowa pamene pachoka fodya. Cholinga chawo chinali choti chimanga chidyeko feteleza wotsalira, koma mosadziwa ankapumitsanso nthaka ku kaufiti. Atamwalira fodya anathera pomwepo, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi munda wonse unkabzalidwa chimanga chokhachokha, ndi maungu apo ndi apo. Mapesi ankatenthedwa pososa, ena kudyedwa ndi ng'ombe za eni ake zimene zimatayiriridwa anthu akakolola. Manyowa sanalowemo. Mbewu inali ya haibulidi yobwereza, yosankhidwa m'nkhokwe. Pakhomo pali anthu asanu: mayiwo, mwana wawo wamkazi wotsiriza ndi adzukulu atatu. Ali ndi mbuzi zinayi ndi nkhuku zochepa. Iwo amawerengera zokolola pa ngolo, ndipo anandiuza kuti kale ankatuta ngolo zisanu koma zaka zaposachedwa ngakhale ziwiri sizinkadzaza.

Nyengo ya 2021/22 analandira matumba awiri a feteleza a AIP (ndondomeko ya boma ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo), la NPK ndi la urea, koma anagawana pakati ndi mwana wawo wamkulu amene ali pabanja, monga zimakhalira m'midzi yambiri. Tikawerengera, makilogalamu 25 a NPK wa 23:10:5+6S+1Zn ndi makilogalamu 25 a urea amapereka nayitrojeni wokwana makilogalamu 17. Pa mahekitala 0.8 ndiye kuti makilogalamu 21 pa hekitala, pamene mulingo umene timalangiza pa chimanga cha haibulidi ndi 92. Chimanga chinkalandira chakudya chosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chizindikiro choyamba ndi zimene tinapeza

Mvula ya chaka chimenecho inachedwa kwambiri, ndipo mayiwa, monga ambiri, anabzala kumapeto kwa Disembala. Kumayambiriro kwa Febuluwale mlimi wotsogolera wa m'mudzimo anandiimbira foni kuti chimanga cha mayi wina chikufota ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse.

Kumtunda kwa munda chimanga chinali chisanafike m'mawondo, chachikasu, masamba atapindika. Pakati chinali chosalingana, china chachitali china chopinimbira m'mzere umodzimodzi. Kumunsi chinali chabwinoko, ndipo pa chulu ndi pansi pa msangu chinali chobiriwira, chofika m'chiuno.

Chiyambire mliri wa 2017, mlimi aliyense akaona chimanga chikudwala amayamba waganiza za ntchemberezandonda, ndipo mayiwa anali atathira kale dothi ndi phulusa kunsonga kwa chimanga. Koma masamba sanali obooka, ndipo ndowe za mbozi munalibe. Tinang'amba mapesi angapo, kapuchi osamupeza. Chiswe chinalipo chochepa, chosakwanira kuwononga chotere. Madzi odikha sakanakhala chifukwa, poti mbali yoipitsitsa inali kumtunda kumene madzi saima. Njala ya nayitrojeni inkaoneka bwino lomwe: masamba a m'munsi anali achikasu kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati. Ena anali ofiirira m'mbali, chizindikiro cha kuchepa kwa fosifolasi. Koma njala ya nayitrojeni yokha siipinda masamba nthaka ili yonyowa. Apo mpamene panali posagwirizana.

Tinakumba mapando angapo ndi khasu, pamodzi ndi chibuma chake chonse, n'kuviika m'ndowa ya madzi kuti dothi lisungunuke lokha. Izi n'zofunika kuzichita motero, chifukwa ukazula chimanga ndi dzanja mizu ing'onoing'ono imaduka ndipo umboni umatsala m'nthaka. Dothi litachoka, pa mizu panaoneka timphukira toyera, tofewa, tina totalika ngati chala cha mwana, tomatirira pa muzu ndi kachotupa kakang'ono. Phando lina linali nato toposa khumi. Pamwamba pa nthaka, m'munda wonsewo, kaufiti amene anali atatuluka anali wowerengeka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atachita maluwa.

Mayiwo anayang'ana m'ndowamo n'kunena kuti, "Alangizi, kaufiti timamudziwa, koma amabwera chimanga chitakula kale. Angaphe bwanji chimanga iye asanamere?"

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo alimi ambiri amaganiza ngati iwo. Kaufiti wa maluwa ofiira amene tili naye wambiri kuno ku Malawi ndi Striga asiatica. Njere zake ndi zazing'ono ngati fodya wopera wa m'mphuno, ndipo chomera chimodzi chokula bwino chimatha kubereka njere zoposa 50,000, zimene zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka zoposa khumi. Njerezi sizimera ndi mvula yokha. Zimayamba zakhala m'nthaka yonyowa ndi yofunda kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka zimadikira timadzi totchedwa strigolactones timene mizu ya chimanga, mapira, mawere ndi maudzu ena imatulutsa. Njere ikamera ili ndi masiku ochepa chabe oti ipeze muzu, apo ayi imafa. Ikaupeza imauboola n'kulumikizana ndi misempha yake, ndipo kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo kaufiti amakhala pansi pa nthaka, wopanda tsamba lobiriwira, akudya za chimanga basi. Samangoyamwa madzi ndi chakudya, amasokonezanso kakulidwe ka chimanga, n'chifukwa chake chimapinimbira kuposa mmene kukula kwa kaufitiyo kungatipangitsire kuganiza. Pamene maluwa ofiira akuoneka, kuonongeka kwakukulu kwachitika kale.

Kugwirizana kwake ndi nthaka yoguga kuli apa: chimanga chikasowa fosifolasi ndi nayitrojeni chimatulutsa timadzi tija tochuluka, chifukwa timadzi tomweto n'timene chimaitanira tinkhungu tothandiza ta m'nthaka timene timachitapira fosifolasi. Chimanga chanjala chimadzutsa kaufiti wambiri. N'chifukwa chake pa chulu ndi pansi pa msangu, umene umayoyola masamba ake nthawi ya mvula, kaufiti anali wochepa ngakhale njere zinafikanso kumeneko.

Ndowa ija inagwiranso ntchito ina imene sinali yaulimi. M'banjamo munali kale kunong'onezana kuti wachibale wina akukawa chimanga cha mayiwa, popeza chake chinali chobiriwira kutsidya kwa njira. Sindinalowerere nkhaniyo. Ndinangopempha kuti achibale amene anali pafupi abwere adzaone mizu, ndipo tinakumbanso phando limodzi pa chulu kuti ayerekeze okha.

Zitsanzo za dothi tinatenga mbali zitatu payokhapayokha n'kutumiza kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze. Zotsatira zinabwera patapita nthawi ndipo zinangotsimikiza zimene maso anaona: kumtunda nthaka inali ya asidi wambiri (pH pansi pa 5.5), fosifolasi wochepa, ndi zowolerana zochepa kwambiri.

Nyengo yoyamba: kupulumutsa chotheka

Mayiwa ankafuna kutenga katapila kuti agule urea wina athire kumtunda. Ndinawaletsa. Chimanga chimene chakhala chikuyamwidwa kwa masabata asanu, chopinimbira motero, sichibweza ndalama ya feteleza, ndipo ngongole ya katapila ikanadya ngakhale chochepa chimene akanakolola kumunsi. Urea amene anatsala tinagwirizana kuti athiridwe kumunsi ndi pakati pokha. Sizinali zophweka kumva, chifukwa kunali kuwauza kuti kumtundako chaka chino kwapita.

Chachiwiri chinali kuzula. Apa ndinalankhula mosabisa kuti kuzula kaufiti sikubweza chimanga cha chaka chino. N'kuletsa njere zatsopano kulowa m'nthaka. Mlimi akauzidwa kuti akazula chimanga chidzuka, amazula kamodzi, saona kusintha, n'kusiya. Nthawi yabwino ndi pamene maluwa oyamba angoyamba kuoneka: akadali wamng'ono amaduka m'manja n'kuphukanso, ndipo patangotha masabata awiri duwa litatuluka njere zimakhala zayamba kukhwima. Wozulidwayo sasiyidwa mumkwasa, chifukwa ngakhale atazulidwa amatha kumaliza kukhwimitsa njere. Saponyedwa m'dzenje la kompositi, sapatsidwa mbuzi. Amatoleredwa m'thumba, kukakhuthulidwa m'dzenje limodzi kunja kwa munda n'kutenthedwa.

Tinakhomanso zikhomo m'malo osankhika mbali zonse zitatu, pamene tinkawerenga kaufiti wotuluka pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi tisanazule. Mu Malichi kumtunda tinkapeza pakati pa 30 ndi 40 pa malo amodzi, pakati tinkapeza pafupifupi 20, kumunsi osafika 5.

Kuzulako sikunayende monga tinapangana. Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi ya njala, ndipo mayiwa ndi mwana wawo ankakhalira ganyu m'minda ya ena kuti apeze ufa wa tsikulo. Adzukulu ankazula akaweruka kusukulu, koma mbali ina ya kumtunda inawaposa ndipo kaufiti anagwetsa njere. Ndikulemba izi chifukwa ndondomeko iliyonse yodalira manja a banja losauka m'miyezi imeneyi iyenera kuwerengeratu za ganyu. Anakolola matumba 9 a makilogalamu 50: kumunsi 6, pakati 2, kumtunda thumba limodzi losadzaza bwino.

Kugawa munda

Chiganizo chachikulu pa nkhani yonseyi chinapangidwa m'chilimwe cha 2022, ndipo sichinapangidwire m'munda koma pakhonde.

Njira zina tinaziganizira n'kuzisiya. Kungoonjezera feteleza kunali kosatheka, makamaka kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chimenecho. Laimu akanathandiza kuchepetsa asidi kumtunda, koma amafunika wa matani, osati wa zidebe. Njira yobzala desmodium (chomera cha gulu la nyemba) pakati pa chimanga, imene bungwe la icipe linayambitsa ku Kenya, imagwetsadi kaufiti, koma mbewu yake sinkapezeka kwathu kuno ndipo mbuzi za m'chilimwe sizikanaisiya. Chotsala chinali kuchotsa chimanga pamene chikudyetsa kaufiti.

Ndinapereka ganizo loti kumtunda kubzalidwe soya, pakati mtedza, ndipo chimanga chikhale kumunsi kokha, pa malo osakwana ekala. Mizu ya soya, mtedza ndi thonje imatulutsanso timadzi todzutsa njere za kaufiti wofiira, koma iye sangathe kukhazikika pa mizu imeneyi, choncho amamera n'kufa asanabereke. Nyengo iliyonse yotere imachepetsa nkhokwe ya njere m'nthaka, ndipo masangwi ake amasiyako chonde.

Mayiwo anati sangavomere okha, ayambe amva achimwene awo, amene ndi mwinimbumba. Bamboyo atabwera sanazungulire: "Alangizi, soya saphika nsima. Mlongo wangayu ali ndi ana amasiye, ndiye mukuti achepetse chimanga?"

Sindinayankhe ndi mtengo wa soya, chifukwa mtengo suli m'manja mwa mlangizi. Ndinayankha ndi matumba awo omwe. Mbali ziwiri zimene tinkafuna kuchotsamo chimanga, zoposa theka la munda, zinapereka matumba atatu okha, koma zinadya mbewu, feteleza ndi thukuta loposa theka. Feteleza yemwe uja, wa makilogalamu 17 a nayitrojeni, akathiridwa kumunsi kokha pa mahekitala 0.3, afika pafupifupi makilogalamu 57 pa hekitala m'malo mwa 21. Bamboyo anawerengera pansi ndi kamtengo, kenaka anati tiyese chaka chimodzi, zikakanika chimanga chibwerere ponseponse.

Mayiwo anapempha kuti m'soyamo aponyemo mapando ochepa a chimanga cha mondokwa cha adzukulu. Apa sindinagonje. Phando limodzi la chimanga m'malo odzaza njere limatha kulera kaufiti wokwanira kubweza zonse zimene soya wachotsa. Mondokwa anapita kudimba. Pa chifukwa chomwecho tinagwirizana kuti chimanga chomera chokha ndi maudzu a mtundu wa kapinga zipaliridwe msanga, popeza kaufiti wofiira amakhalanso pa maudzu ena a kutchire.

Chilimwe chomwecho anamanga khola la m'mwamba la mbuzi kuti ndowe zisamamwazike, anasiya kutentha mapesi, ndipo anapanga kompositi. Manyowa sanali okwana kumwaza munda wonse, choncho ankathiridwa pa phando, manja awiri. Kumalire a kumtunda tinalima mlambala n'kubzalapo vetiva, chifukwa madzi ochokera m'munda wobwereketsa uja ankabwera ndi mchenga, ndipo mchengawo ndi njere. Wobwereka munda wa chaka chimodzi alibe chifukwa chozulira kaufiti. Chaka chamawa adzakhala kwina. Nkhaniyi inakafika kwa nyakwawa, amene analankhula ndi mwini munda pa foni, koma palibe chimene chinasintha, ndipo vetiva ndiye anatsala mlonda.

2022/23: soya, mtedza ndi mlendo wachikasu

Kumunsi anabzala mbewu yatsopano yogula, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Soya anali Tikolore, wopakidwa inoculant (tizilombo tothandiza mizu yake kukola nayitrojeni), mizere iwiri ya mbewu pamwamba pa mzere uliwonse. Mtedza unali Nsinjiro, umene tinasankha chifukwa umapirira matenda a kadukutu. Tinaikamo nandolo pang'ono m'mtedzamo, koma mbuzi za m'mudzi zinamudya zitangomasulidwa mu Juni. M'chigawo chapakati cha dziko lino nandolo wopanda lamulo la amfumu pa ziweto ndi chakudya cha mbuzi.

Mu Malichi mlimi wotsogolera anabwera ndi chomera m'manja chimene sanali kuchidziwa bwino. M'mphepete mwa chigawo chapakati mayiwa anali atabzala khobwe wa makolo wogula pamsika, poganiza kuti nayenso ndi wa gulu la nyemba, ndipo khobweyo anali atasanduka wachikasu. Pakati pake panali chomera cha maluwa achikasu, masamba aubweya, ndipo titakumba tinapeza tsinde la pansi lonenepa, lachikasu chofiirira, litakakamira pa muzu wa khobwe. Ameneyu ndi kaufiti wachikasu, Alectra vogelii. Iye sakhudza chimanga. Amadya khobwe, ndipo amagwiranso mtedza, soya ndi nzama.

Apa panali pokhotera, chifukwa kasinthasintha amene tinkadalira anali ndi mdani wakewake. Tikanangopitiriza kubzala mbewu za gulu la nyemba pamalopo, tikanachotsa vuto lofiira n'kulera lachikasu. Tinamuzula yense asanakhwimitse njere n'kutentha, tinayendera mzere uliwonse wa soya ndi mtedza, ndipo tinapeza wochepa chabe m'mizere ya mtedza yoyandikana ndi khobweyo. Tinagwirizana kuti kamphepete kameneko kabwerere ku chimanga nyengo yotsatira, ndipo khobwe akadzafunikanso adzakhale Mkanakaufiti, mtundu umene unatulutsidwa kuno chifukwa chopirira chomera chimenechi. Kwa alangizi anzanga: mawu oti "bzalani mbewu za gulu la nyemba" ndi otambalala kwambiri. Tchulani mbewu yake, mtundu wake ndi kumene ichokere, ndipo mu Malichi mukayendere mundawo mukufunafuna maluwa achikasu.

Soya sanachite bwino. Chaka chimenecho chiwawu cha soya chinafala m'madera ambiri a dziko lino, ndipo kumtundako masamba anachita timadontho tofiirira kunsi kwake n'kuyoyoka nyemba zisanadzaze. Anapeza matumba atatu okha. Mwinimbumba sanalephere kukumbutsa kuti ananena. Koma kumunsi kunatuluka matumba 11 a chimanga, kuposa 9 a munda wonse chaka chathacho, ndipo mtedza unabereka bwino. Chimene chinasunga ndondomekoyi ndi chimanga cha kumunsicho. Tikanawakopa ndi lonjezo la ndalama za soya, nkhani ikanathera pomwepo.

2023/24: ng'amba

Nthambi yoona zanyengo inachenjeza za El Niño, amene kuno nthawi zambiri amabweretsa ng'amba, mvula isanayambe, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Dzina la mayiwa silinatuluke pa AIP. Anagulitsa mtedza ndi mbuzi imodzi n'kugula feteleza wa pa sikelo, amene anamusakaniza ndi ndowe, madeya ndi phulusa kupanga Mbeya, wosungidwa m'thumba lomanga masiku 21. Ndinawafotokozera kuti Mbeya sachulukitsa nayitrojeni wa m'feteleza mwamatsenga. Phindu lake ndi loti amabwera ndi manyowa ndipo amafikira mapando ambiri.

Banja linkafuna chimanga chibwerere ponseponse monga tinapangana. Tinakumana pakati: chigawo chapakati chibwerere ku chimanga, koma kumtunda, kumene kunali njere zambiri ndipo zina zinagwa mu 2022, kupume chaka chachiwiri ndi mtedza. Mbewu ya chimanga inali yocha msanga, ndipo m'mikwasa anamanga ngonyeka kuti madzi a mvula asathawe.

Ng'amba inagwa mu Febuluwale, chimanga chili pafupi kumasula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chokhala ndi kaufiti chimavutika kawiri pa ng'amba, chifukwa iye amataya madzi kwambiri kudzera m'masamba ake ngakhale chimanga chikuyesa kusunga. M'chigawo chapakati kaufiti anabwerera, pafupifupi 10 pa malo owerengera, theka la poyamba. Chaka chimodzi chopuma chinachepetsa koma sichinathetse, ndipo izi n'zoyembekezereka, poti si njere zonse zimene zimakhala pafupi ndi muzu kapena zokonzeka kumera m'nyengo imodzi. Nthawi ino kuzula kunatheka chifukwa kaufiti anali wochepa ndipo kalabu ya amayi inkathandizana munda ndi munda. Anapitiriza mpaka Meyi, chimanga chili m'mikukwe, popeza kaufiti amapitiriza kuchita maluwa chimanga chitauma kale ndipo nthawi imeneyo alimi ambiri aleka kulowa m'munda. Anakolola matumba 10 pa mbali ziwiri za chimanga, kumunsi ndi pakati. M'chaka chabwino akanakhala ochepa, koma chaka chimenecho minda yoyandikana nayo yambiri sinafikepo.

Zimene ndatolapo

Chimanga chikapinimbira m'zigambazigamba n'kumafota nthaka ili yonyowa, pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi, kumbani ndi kutsuka mizu musanalangize china chilichonse. Khasu ndi ndowa zili pakhomo lililonse. Kudikira maluwa n'kudikira lipoti la imfa, ndipo mlimi amene waona yekha timphukira toyera pa muzu safunanso kukakamizidwa.

Zikhomo zowerengera zinathandiza kwambiri kuposa mmene zimaonekera. Zokolola zimakwera ndi kutsika ndi mvula, moti m'chaka cha ng'amba banja likanatha kunena kuti zonsezi n'zopanda pake. Chiwerengero cha kaufiti ndicho chinkasonyeza kuti pansi pakusintha, ndipo mdzukulu wamkulu, amene ankalemba m'kope la kusukulu, ndiye ankawawerengera agogo ake.

Pa munda umenewu tinasintha zinthu zambiri nthawi imodzi: mbewu, kabzalidwe, manyowa, malo othira feteleza, kasinthasintha ndi kuzula. Kukwera kwa zokolola n'kwa zonsezi pamodzi, ndipo aliyense wofuna kutengako chimodzi chokha asayembekezere zofanana. Komabe ndikanauzidwa kusankha poyambira pa banja lopanda ndalama, ndikanayamba ndi kuunjika feteleza ndi manyowa ochepawo pa mbali imene ingabweze, chifukwa n'zimene zimapatsa banja nsima yoti lipirire nayo zaka zimene mbali inayo ikupuma. Ndipo funsani msanga amene ali ndi mawu pa mundawo. Amene amagwira khasu si nthawi zonse amene amagamula.

Pamene nkhani ili pano

Mu 2024/25 chimanga chinabwerera kumtunda patatha nyengo ziwiri, ndi manyowa pa phando ndi feteleza wokulitsa wothiridwa chitangomera. Kumunsi kunapita ku soya. Pakati panakhalanso chimanga, chosakaniza ndi khobwe wa Mkanakaufiti, kupatula kamphepete kaja kamene sitinaikemo khobwe. Kumtunda kaufiti anatuluka mochedwa, chimanga chitamasula kale, ndipo pa zikhomo zonse za kumeneko sanafike 10, pamene mu 2022 anali pakati pa 30 ndi 40. Mizere iwiri yoyandikana ndi vetiva ndiyo inali naye wambiri. Pakati chiwerengero chinakwerako pang'ono poyerekeza ndi chaka chathacho, chimene n'chizindikiro choti chimanga cha zaka ziwiri zotsatizana pamenepo n'chochuluka. Anakolola matumba 16 a chimanga, 9 mwa iwo ochokera kumtunda kumene kale kunatuluka thumba limodzi, ndi matumba 5 a soya.

Kaufiti sanathe m'mundamu ndipo sindinawauze kuti atha posachedwa. Nyengo ikubwerayi chigawo chapakati chichoka ku chimanga kwa zaka ziwiri, soya kenaka mtedza, tikuyang'anira wachikasu uja. Mitengo ing'onoing'ono ya msangu imene yamera yokha kumtunda yaikidwa zizindikiro kuti isadulidwe polima. Mwana wawo wamkulu, amene ankagawana naye feteleza, wapempha kuti mu Januwale tikakumbe mapando m'munda wake, ndipo zikhomo zake takhoma kale.